Utsi Ukanidwe Chumuni Chisanaime

Mu Malichi 2025 bwalo lalikulu la milandu ku Zimbabwe linalamula kampani ya Shuntai kuti iyambe yaimika ntchito yomanga fakitale ya simenti ku Chegutu. Omwe anakadandaula ndi akuluakulu a sukulu ya Bryden, chifukwa kuchoka pa mpanda wa sukuluyo kukafika pamalo a fakitale ndi mamita pafupifupi 500 okha. Chiletso chinatuluka ndithu, koma ntchito sinaime. Woweruza mpaka anachita kunyamuka kukadzionera yekha, ndipo mapeto ake kampaniyo inapezeka yolakwa pa mlandu wonyozera bwalo n'kulipitsidwa madola 10,000 a ku America.

Tiwerengere limodzi. Thumba la simenti likamagulidwa pa madola 10 kapena kuposerapo, chindapusachi n'chofanana ndi matumba osapitirira 1,000. Fakitale ya simenti imamangidwa ndi ndalama zowerengedwa m'mamiliyoni. Munthu amene waika chuma chotere angaope chindapusa choti malole awiri a katundu wake akhoza kubweza? Akawerenga ndalama zomwe angataye poimika ntchito kwa miyezi ingapo n'kuyerekeza ndi zomwe angalipe ponyozera woweruza, samavutika kusankha. Ndipo dziwani kuti Bryden ndi sukulu yolipira, ya makolo odziwa khomo la loya. Ngati iwowo chiletso chawo chinapondedwa chonchi, nanga mayi wogulitsa tomato ku Pfupajena ku Chegutu komweko, kapena mdala wopuma ntchito ya mumgodi ku Rimuka ku Kadoma, angayembekezere chiyani?

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo sindiibisa: nkhondo ya utsi imapambanidwa chumuni chisanaime. Chikaima n'kuyamba kufuka, zomwe zimatsala ndi zipukuta misozi, malonjezo ndi misonkhano yodyera mabisiketi. Palibe mafakitale omwe aphunzitsa dziko lapansi phunziroli momveka kuposa ophika mitengo kuti apange mapepala.

Dera la Chegutu ndi Kadoma si lachilendo ku ntchito ya mapepala. Ku Kadoma kuli Kadoma Paper Mills ya kampani ya ART. Ku Norton, panjira yomweyo yopita ku Harare, kunali fakitale ya Hunyani, ndipo ku Mutare kunali Mutare Board and Paper Mills. Ziwiri zomalizazi zinatsekedwa chuma cha dziko chitagwa, moti lero Zimbabwe imagula mapepala ambiri kunja. Boma lililonse loona ndalama zikutuluka motere limalota zodzutsa mafakitalewa, ndipo sililakwa. Koma anthu okhala m'mbali mwa msewu wa Harare–Bulawayo ayenera kudziwiratu kuti mafakitale a mapepala si amodzi. Ya ku Kadoma ndi yotenga mapepala akale n'kuwasandutsa tishu. Ntchito yotere ili ndi mafunso ake, makamaka a madzi otayidwa ndi a moto wotenthetsera maboyila, koma siphika mitengo. Amene angapite kubwalo akuiloza chala pa mlandu wosakhala wake adzabwerako atagwa nawo, ndipo adzakhala atawonongera anzake onse amene ali ndi dandaulo lenileni.

Yophika mitengo ndi chilombo china. Paini kapena bulugama amamuduladula tizidutswa n'kumuphika m'chimphika chachitsulo pamodzi ndi soda waukali, uja amapangira sopo, komanso mankhwala a sulufule. Cholinga n'kusungunula utomoni womwe umamata ulusi wa mtengo kuti ulusiwo utsale woyera. Pophikapo pamatuluka mipweya ya sulufule, ina mwa iyo ndi hydrogen sulphide ndi methyl mercaptan, yonunkha ngati mazira owola kapena kabichi wovunda. Mphuno ya munthu imaimva ngakhale ili yochepa kwambiri, n'chifukwa chake bungwe la WHO limati hydrogen sulphide asapitirire mamaikulogalamu 7 pa kiyubiki mita ya mpweya m'mphindi 30 ngati tikufuna kuti anthu asavutike ndi fungo. Madzi akuda otsala pophika amawawotcha kuti apezenso mankhwala aja, ndipo chumuni chake chimalavula sulphur dioxide ndi tifumbi tosalala tolowa mpaka m'kati mwa mapapo. Eni mafakitale amakonda kunena kuti ndi fungo chabe, silipha. Akafunse mayi amene mwana wake wa mphumu amabanika usiku uliwonse mphepo ikatembenukira kwawo.

Ku Webuye, kumadzulo kwa Kenya, anazilawa. Fakitale ya Pan African Paper Mills inayamba ntchito mu 1974 m'mbali mwa mtsinje wa Nzoia, mothandizidwa ndi ndalama za boma, za amalonda a ku India ndi za nthambi ina ya World Bank. Kwa zaka zoposa 30 anthu ankadandaula za fungo, zifuwa ndi malata ochita dzimbiri asanakalambe. Ankamvedwa pang'ono, chifukwa tauni yonse inkadya kuchokera pa geti la fakitaleyo. Mu 2009 inatsekedwa, koma osati chifukwa cha zifuwa za anthu: ngongole ndizo zinaigwetsa. Anthu anatsala ndi mapapo otopa, ntchito palibe, woti amusumire palibenso. Ku Bhunya ku Eswatini nakonso, fakitale ya Usutu itatsekedwa ndi Sappi mu 2010, chomwe chinaitseka ndi moto womwe unapsereza nkhalango zake komanso malonda oipa. Mpweya unayera, inde, koma unayerera anthu opanda malipiro. Zimenezo sindingazitche mwayi.

Wina anganene kuti vuto ndi mabwalo athu a ku Africa kuno, ofooka ndi oopa andale. Tiyeni tipite kubwalo lalikulu kuposa onse. Kampani ya Botnia ya ku Finland itamanga fakitale yophika mitengo ku Fray Bentos m'dziko la Uruguay, anthu a tsidya lina la mtsinje, a ku Gualeguaychú ku Argentina, anatseka mlatho wapamalire kwa zaka zoposa zitatu. Boma lawo linatengera nkhaniyi ku International Court of Justice ku The Hague. Pa 20 Epulo 2010 oweruza anavomereza kuti Uruguay inalakwa posatsata ndondomeko yodziwitsa mnzake isanapereke chilolezo. Kenako anati fakitale ikhale pomwe ili, ndipo nkhani ya fungo anati ilibe malo m'pangano la mtsinje lomwe ankaweruzirapo. Dziko lathunthu, ndi maloya ake odula, linauzidwa kuti likunena zoona koma lachedwa. Oweruza kulikonse ndi anthu: kugwetsa chinthu choima, chomwe chalemba anthu ntchito, amakuopa.

Tsono onani kusiyana kwake ndi zomwe zinachitika kumwera kwa Durban, komwe anthu a ku Merebank ndi Wentworth amakhala pakati pa fakitale ya mapepala ya Mondi ndi malo omwe kale ankayengerapo mafuta. Iwowa sanadikire kuti boma liwayezere mpweya. Kuyambira cha m'ma 2000, mothandizana ndi bungwe la groundWork, ankatapa mpweya ndi zidebe zokonzedwa mwapadera n'kutumiza kukayezetsa, ndipo zotsatira zake ankaziika patebulo pamaso pa akuluakulu. Kafukufuku wina pa sukulu ya pulayimale ya Settlers anapeza kuti ana oposa theka anali ndi zizindikiro za mphumu. Mondi itafuna kumanga boyila yowotcha zinyalala za m'fakitale pamodzi ndi malasha, mgwirizano wa anthuwo wotchedwa South Durban Community Environmental Alliance unathamangira kubwalo boyilayo isanamangidwe, ndipo mu 2003 bwalo linafafaniza chilolezo chomwe boma linapereka modumpha ndondomeko. Sikuti Durban inasanduka paradaiso. Koma phokoso lawo linathandiza kuti South Africa ikhazikitse lamulo latsopano la mpweya mu 2004, kulowa m'malo mwa lakale la 1965, ndipo mu Malichi 2022 bwalo la ku Pretoria linagamula kuti mpweya woipa wa ku Highveld ukuphwanya ufulu wa anthu wolembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo. Zida zawo zinali ziwiri, umboni wa m'manja mwawo ndi kufulumira.

Malamulo a ku Zimbabwe si osauka ayi. Gawo 73 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake. Gawo 85 limalola kuti munthu akadandaule m'malo mwa gulu kapena m'malo mwa anthu onse, osati pa zomukhudza yekha. Gawo 62 limapereka ufulu wopeza zikalata za boma. Lamulo la Environmental Management Act la 2002, lomwe linabereka bungwe la EMA, limati ntchito zikuluzikulu ngati mafakitale ndi migodi zisayambe popanda kafukufuku woona momwe zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo. Papepala zonse zilipo.

Chomwe chimandiwawa ndi malamulo ang'onoang'ono a 2009 okhudza utsi. Amagawa ziphaso m'mitundu inayi: yabuluu, yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Yabuluu ndi ya amene utsi wake suopsa, yofiira ndi ya amene utsi wake ndi woopsa kwambiri, ndipo malipiro amakwera motsatira mtunduwo. Amene anakonza zimenezi ankafuna kuti woipitsa azimva kuwawa m'thumba mpaka asinthe. Koma malipiro akakhala ochepa kuposa mtengo wa makina osefera utsi, chiphaso chofiira chimangokhala risiti, ndipo mwini fakitale amachiika mu bajeti pamodzi ndi bilu ya magetsi. Choipa china n'chakuti bungwe loyang'anira likamadalira ndalama za ziphaso ndi zindapusa, woipitsa amayamba kuoneka ngati kasitomala. Sindikunena kuti ofesala aliyense wa EMA ndi wogulidwa. Ambiri amagwira ntchito popanda galimoto yokwanira kapena makina oyezera. Ndikunena kuti dongosolo lokha linapendekeka. Ndipo ndani ku Kadoma kapena ku Chegutu angatchule mtundu wa chiphaso cha fakitale yomwe wayandikana nayo? Bwanji mitunduyi sikhomedwa pa geti kuti wodutsa aliyense aziwerenga?

Ndikudziwa yankho lomwe likubwera, ndipo si lopepuka. Akuti: iwe wolemba nyuzipepala, wakhuta, ukufuna ana athu adye mpweya wabwino? Matauni awiriwa anaona zakuda David Whitehead itafooka, kampani ya nsalu yomwe a ku Blantyre amaidziwanso dzina lake. Ku Kadoma ankapota ulusi, ku Chegutu ankaluka nsalu, ndipo makina atazima mabanja zikwi anasowa pogwira. Anyamata anatsikira m'maenje a golide. Mu Febuluwale 2019 madzi anadzaza migodi ya ku Battlefields pafupi ndi Kadoma n'kupha anthu oposa 20, ndipo mu Seputembala 2023 mgodi wa Bay Horse ku Chegutu unagumukira ena. Munthu amene anaika mwana wake m'manda mwanjira imeneyi, ukamuuza za tifumbi ta m'mapapo tomwe tidzamudwalitse zaka khumi zikubwerazi, akhoza kukuseka. Ine sindimuweruza.

Koma amene amatiuza kuti tisankhe pakati pa ntchito ndi mpweya ndi amene amapindula tikakhulupirira kuti njira ndi ziwiri zokha. Fakitale ya simenti ikamangidwa makilomita angapo kutali ndi sukulu, kumbali komwe mphepo sikankhira fumbi kwa anthu, imalembabe anthu omwewo ntchito. Mafakitale amakono ophika mitengo amasonkhanitsa mipweya yonunkha ija n'kuiwotcha isanatuluke, ndipo fumbi amalikola ndi masefa a nsalu kapena a magetsi. Umboni woti luso limasintha zinthu uli pakhomo pomwepa. Miyala ya golide ya ku mgodi wa Cam and Motor, ku Eiffel Flats pafupi ndi Kadoma, ili ndi poizoni wa arsenic. Kale miyala yamtunduwu ankachita kuiwotcha kuti golide amasuke, utsi wake n'kumagwera pa makomboni. Mu 2022 kampani ya RioZim inatsegula makina omasula golideyo pogwiritsa ntchito tizilombo tosaoneka ndi maso. Anachita zimenezi pofuna phindu, osati pokonda anthu, komabe zikusonyeza kuti njira zilipo. Zonsezi n'zotsika mtengo zikaikidwa pa pulani. Zimadula fakitale ikatha kumangidwa. N'chifukwa chake nthawi ya kafukufuku ija ndiyo nthawi yokhayo imene munthu wamba ali ndi mphamvu zenizeni, pamene mwini chuma akufuna siginecha ndipo sanathire konkire.

Apa ndiyankhule ndi abale anga, ana ndi zidzukulu za matchona. Kadoma, Chakari, Patchway, Eiffel Flats ndi mafamu ozungulira Chegutu anamangidwa ndi thukuta la anthu ochokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete, ena obwera pa magalimoto a Ulere, ena kudzera kwa olemba anthu ntchito a Mthandizi, ena oyenda pansi okha kulowera ku Halale. Mpaka lero gule wamkulu amatuluka m'makomboni a kumeneko, ndipo maliro amalirika m'Chichewa. Komboni sinkamangidwa pamalo osankhika. Kumtunda kopita kamphepo kayeziyezi kunali kwa mabwana. Choncho utsi ndi fumbi takhala tikuzimeza kwa mibadwo itatu, ndipo tinazolowera kukhala chete chifukwa chitupa chinkati ndife alendo. Ankatitcha Mabhurandaya, anthu opanda mfunda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linachotsera ambiri ufulu wovota. Akuluakulu ankatilangiza kuti mlendo ndi mame, asamachite makani pamudzi pa eni. Malangizowo anali ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo inatha. Gawo 43 la malamulo a 2013 limati wobadwira ku Zimbabwe, kholo lake n'kukhala la dziko la SADC, amenenso ankakhala m'dzikomo pamene malamulowa ankayamba, ndi nzika yobadwa. Gawo 6 limaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndiye kampani ikabwera ndi chikalata cha masamba mazana m'Chingerezi n'kuitanitsa msonkhano Lachiwiri m'mawa anthu ali kuntchito, muli ndi chifukwa chokwanira chonenera kuti simunafunsidwe.

Ndipo tisanamizire makolo athu kuti anali ofatsa mopusa. Pa sitalaka ya ku mgodi wa Shamva mu 1927, anthu a ku Nyasaland ndiwo anali patsogolo. Chaka chomwecho Robert Sambo, wotumidwa ndi bungwe la apantchito la Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, anapirikitsidwa ku Southern Rhodesia chifukwa chodzutsa antchito. Iwowo analibe gawo 73, analibe foni yojambula.

Kudikira chipukuta misozi ndi njira ya kumanda. Ku Mufulira ku Zambia, komwe utsi wa sulufule wa ku ng'anjo yosungunulira miyala ya mumgodi amautcha senta, mayi Beatrice Mithi anamwalira usiku wa pa 31 Disembala 2013 atapuma utsiwo. Anali bwanamkubwa wa boma la Mufulira, osati munthu wosadziwika. Ngakhale zinali choncho, banja lawo linayenda m'mabwalo mpaka 2020, pamene bwalo la apilo lalikulu linalamula Mopani Copper Mines kulipira K1 miliyoni ya ku Zambia. Ngati banja la bwanamkubwa linatenga zaka zonsezo, wa m'komboni adzatenga zingati?

Kwathu ku Malawi tisaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa kuyambira m'ma 1960 kuti idzadyetse fakitale yophika mitengo yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Sinamangidwe. Ena amadandaula mpaka lero kuti tinataya chuma, ndipo poona momwe Chikangawa yadyedwera ndi moto ndi macheka, dandaulo lawo n'lomveka. Koma fakitale ikanamangidwa ndi luso la nthawi imeneyo, pansi pa boma lomwe munthu sankatsokomola molakwika, ndani akanayankhulira asodzi a ku Nkhata Bay? Lero tili ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi bungwe la MEPA, ndipo migodi ndi mafakitale a simenti akubwera. Matenda a ku Chegutu, a chindapusa chopepuka ndi chiletso chopanda mano, tili nawo ifenso.

Tibwerere ku Zimbabwe. Aphungu a ku Mashonaland West, chigawo chomwe muli Chegutu ndi Kadoma, ali ndi ntchito yoti agwire ku nyumba ya malamulo. Chindapusa chonyozera bwalo pa nkhani zotere chiziwerengedwa pa tsiku lililonse lomwe ntchito yapitirira, ndipo chizikula molingana ndi mtengo wa fakitale. Mkulu wa kampani amene walamula kuti makina asazime aziyankha yekha, ndi thupi lake. Zotsatira za kuyeza utsi zizikhomedwa ku ofesi ya khonsolo ndi ku chipatala mwezi ndi mwezi, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa. Khonsolo nayo, yomwe imagawa malo, isamabisale kumbuyo kwa EMA: malo a sukulu ndi nyumba asamasanduke a mafakitale usiku umodzi.

Koma aphungu amayenda akakankhidwa, ndipo okankha ndinu. Musadikire loya kuti muyambe. Mpingo, mzikiti, komiti ya sukulu kapena bungwe la maliro ligule kope limodzi, ndipo muzilemba tsiku, ola, komwe mphepo ikuchokera, fungo lomwe lamveka ndi mwana amene wabanika. Makadi a kuchipatala musataye. Jambulani fumbi la pa malata ndi pa masamba a m'dimba. Mukaona anthu akuyeza malo ndi kukhoma zikhomo pafupi ndi kwanu, pitani sabata yomweyo ku ofesi ya EMA mukapemphe kuona lipoti la kafukufuku, ndipo pempho lanu likhale lolemba, kope lina lodindidwa mutsale nalo. Mabungwe a maloya a zachilengedwe ngati ZELA, omwe anasumira makampani a dayamondi a ku Marange mu 2012 pa nkhani yoipitsa mitsinje ya Save ndi Odzi, amagwira ntchito ndi umboni wotere. Sangamange mlandu pa mkwiyo wokha. Ndipo makolo a ku Bryden musawasiye okha poganiza kuti ndi nkhani ya anthu olemera. Chigamulo chomwe angapeze iwo n'chomwe loya wanu adzanyamule mawa, ndipo chiletso chawo chikapondedwa anthu n'kungoyang'ana, chanu chidzapondedwa mosavuta kuposa pamenepo. Pamsonkhano wotsatira wa khansala wa dera lanu, imirirani mumufunse kuti fakitale yoyandikana nanu ili ndi chiphaso cha mtundu wanji, ndipo musakhale pansi asanayankhe.